Kalata yochokera ku Arizona: tayala limodzi ndi chikho cha NASCAR

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti ntchito ikuyenda kugalaja kwanuko. Ife kuno tili bwino. Munandipempha kuti ndikadzapita kukaonera mpikisano wotsiriza wa NASCAR, ligi yaikulu ya magalimoto othamanga ya ku America, ndidzakufotokozereni zonse, popeza inu ndinu munthu wa injini ndi matayala. Ndinapitadi Lamulungu, pa 2 Novembala 2025, kubwalo la Phoenix Raceway ku Avondale, ndipo ndachedwa kulemba chifukwa ndinabwerako mtima ukundiwawa.

Kuti mumvetse chimene chinandiwawa, ndiyambe ndi malamulo ake a nthawi imeneyo. Pachaka pamakhala mipikisano 36 ya mapointi, kuyambira ndi Daytona 500 mwezi wa Febuluwale. Mipikisano 26 yoyambirira inkasankha madalaivala 16, ndipo khumi yotsalayo inali ya chipulula: pakapita mipikisano itatu, anthu anayi ankatuluka, mpaka kutsala anayi okha. Kuyambira mu 2014 mpaka 2025, anayi amenewa ankafika tsiku lotsiriza ali ofanana, zonse zimene anachita m'mbuyomo zitafufutidwa, ndipo amene wamaliza patsogolo pa anzake atatuwo ndiye ankakhala katswiri wa chaka, ngakhale asapambane mpikisano wa tsikulo. Mu 2025 anayiwo anali Denny Hamlin ndi Chase Briscoe a timu ya Joe Gibbs Racing, komanso Kyle Larson ndi William Byron a Hendrick Motorsports.

Bwalolo ndi lalitali mailo imodzi, lili m'chipululu pafupi ndi mapiri opanda mitengo, ndipo magalimoto amayenera kulizungulira ka 312. Phokoso lake silimveka m'makutu mokha. Akamadutsa onse pamodzi, benchi imene mwakhalapo imanjenjemera, mpaka pachifuwa pamagunda ngati pali ng'oma, ndipo fungo la labala yopserera limakhala pazovala mpaka mukafike kunyumba. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi, atavala chipewa cha nambala 11, anandibwereka zomvera m'makutu kuti ndizimva dalaivala akulankhula ndi amakaniko ake pawailesi. Chimene mukadakondwera nacho kwambiri inuyo ndi posinthira matayala. Amuna asanu amalumpha khoma, wina ndi jeke, wina ndi chigubu cha mafuta paphewa, ndipo chifukwa choti kuyambira mu 2022 tayala lililonse limagwidwa ndi nati imodzi yokha yapakati, matayala onse anayi amasinthidwa pamasekondi pafupifupi khumi.

Tsikulo linali la Hamlin. Anayambira kutsogolo kwa onse, ndipo galimoto yake ya Toyota inatsogola maulendo 208 ozungulira bwalo. Munthu ameneyu anali ndi zaka 44, anali atapikisana pamlingo wapamwambawu zaka makumi awiri, atapambana mipikisano 60, kuphatikizapo Daytona 500 katatu, koma chikho cha ukatswiri anali asanachigwirepo. Mu 2010 anafika pampikisano wotsiriza akutsogola pamapointi, Jimmie Johnson n'kumulanda. Ulendo uno anthu onse ankadziwanso kuti bambo ake, amene anadzimana zambiri kuti mwana wawo ayambe masewerawa, akudwala kwakayakaya. Choncho ngakhale ena amene kawirikawiri amamukuwiza, tsiku limeneli ankaoneka kuti akumufunira zabwino.

Atatsala ndi maulendo atatu okha, ali patsogolo ndithu popanda womuopseza, tayala la galimoto ya Byron linaphulika, galimotoyo n'kukawomba khoma. Matayala anali akuphulika tsiku lonse, ndipo Larson yemwe linamuphulikira mpaka anatsalira ulendo wathunthu asanabwererenso pagulu. Mbendera yachikasu itakwezedwa, magalimoto onse anachepetsa liwiro n'kusonkhana pamodzi, ndipo mpata wonse umene Hamlin anauvutikira unatha pomwepo. Bambo wa chipewa uja anangochivula n'kuchiika pabondo, osanena kanthu.

Apa ndi pamene ndikufuna nzeru zanu. Lamulo limati zikatere mpikisano uwonjezeredwe ndi maulendo awiri othamanga. Mkulu wa amakaniko a Hamlin, Chris Gayle, anasankha kusintha matayala onse anayi, poganiza kuti matayala atsopano agwira msewu bwino. Mkulu wa amakaniko a Larson, Cliff Daniels, anasintha awiri okha a kudzanja lamanja, amene amatha msanga chifukwa magalimotowa amangokhotera kumanzere. Larson anatuluka msanga posinthirapo, ena sanalowe n'komwe, ndipo poyambiranso Hamlin anapezeka ali kumbuyo, magalimoto angapo atam'tsekera njira. Maulendo awiri sanakwane kuti matayala atsopanowo amuthandize. Ryan Blaney anapambana mpikisano, Larson anamaliza wachitatu, Hamlin wachisanu ndi chimodzi. Motero Larson anatenga chikho chake chachiwiri, choyamba chija anatenga mu 2021, ngakhale kuti tsiku limenelo sanatsogoleko ngakhale ulendo umodzi.

Sindikumunena Larson. Ndi dalaivala waluso kwambiri, chaka chimenecho anathamanga bwino, ndipo iye ndi amakaniko ake anachita zimene malamulo amalola. Sindikumunenanso Gayle, chifukwa munthu woganiza pamasekondi owerengeka sangaweruzidwe ndi ife amene takhala ndi masiku oganizira. Chimene ndikukana ndi dongosolo lenilenilo. Inu mukudziwa kusiyana kwa ligi ndi kapu mumpira wamiyendo: kapu ikhoza kupita kwa aliyense amene tsiku lamukomera, koma ligi imapita kwa amene walimbikira chaka chonse. NASCAR inkathamangitsa anthu miyezi isanu ndi inayi ngati ligi, kenako n'kupereka ukatswiri ngati kapu. Ndiponso mumpira matimu awiri okha ndi amene amakhala m'bwalo pafainolo, pamene kuno anayi olimbirana chikho ankathamanga pakati pa magalimoto ena oposa makumi atatu, moti ngozi ya munthu wina inkatha kugamula za moyo wa mnzake.

Amene ankakonda dongosololi ankati linkapangitsa kuti anthu asachoke pamipando mpaka pamapeto, ndipo zimenezo n'zoona, pakuti inenso ndinaimirira ndikunjenjemera. Koma kale, pamene mapointi a chaka chonse ankawerengedwa, mapeto osangalatsa ankakhalapobe. Mu 1992 ku Atlanta, Bill Elliott anapambana mpikisano wotsiriza, koma Alan Kulwicki, amene anali mwini wa timu yake yaing'ono, anatsogola maulendo 103 pamene Elliott anatsogola 102. Ulendo umodzi umenewo unam'patsa mapointi owonjezera, ndipo anatenga chikho mosiyana ndi mapointi khumi. Kumeneko kunali kuwerengera kwa munthu amene wakolola zimene analima kuyambira Febuluwale, osati mwayi wa tayala la wina.

Mpikisano utatha, Hamlin anakhala m'galimoto mwake kwa kanthawi asanatuluke. Ine ndinabweza zomvera m'makutu zija kwa mwini wake, tinagwirana chanza, ndipo aliyense analowera kwake.

Mpikisano wotsiriza wa 2026 anaubwezera ku Homestead, ku Florida, kumene unkachitikira kuyambira mu 2002 mpaka 2019, choncho kwa ine kudzakhala kutali. Mukamayankha kalatayi mundiuze moona: mukadakhala inuyo pampando wa Gayle, galimoto yanu ili yothamanga kuposa onse ndipo kwatsala maulendo awiri, mukadasintha matayala anayi kapena awiri? Mundiperekereko moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa anyamata a kugalaja.

Ndine mnzanu wa kalekale.