Lipoti la msonkhano wa omasulira nkhani pa wailesi: liwu loti verify

A wapampando ndi mamembala anzanga, nali lipoti la msonkhano wa masiku awiri umene munanditumako ku Lilongwe, ndipo malisiti a basi ndi malo ogona ndawasiya kale kwa msungichuma. Tsiku loyamba linathera pa malamulo a ntchito, omwe tonse tikuwadziwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la tsiku lachiwiri lokhudza liwu lachingerezi loti verify. Mphunzitsi anafotokoza kuti liwuli linachokera ku liwu la Chilatini loti verus, kutanthauza choona, ndipo linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Mnzake woti confirm anachokera ku firmus, kutanthauza cholimba. Wochita verify amadzuka yekha n'kukaona umboni ndi maso ake, kuwerenga chikalata, kapena kufunsa anthu awiri amene sanapangane, pamene wochita confirm nthawi zambiri amalimbitsa nkhani yomwe yamveka kale, monga mneneri wa apolisi akavomera kuti ngozi yachitikadi. Ife mawu onse awiriwa timawamasulira kuti "kutsimikiza", moti womvera sadziwa ngati tinapitako tokha kapena tangouzidwa.

Chitsanzo chimene anapereka sindidzachiiwala. Zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 zinalengezedwa ndi bungwe la MEC, ndipo mawailesi anaziulutsa monga zotsimikizika. Koma majaji asanu ataunika umboni, kuphatikizapo mapepala ofufutidwa ndi tipeksi, anazithetsa pa 3 Febuluwale 2020, ndipo tinavotanso pa 23 Juni.

Msonkhano unagwirizana kuti verify tizimumasulira kuti "kutsimikizira". Ine sindinakhutire nazo, ndipo ndinanena poyera, chifukwa mayi amene akumvera wailesi kwinaku akupeta chimanga sangamve kusiyana pakati pa "kutsimikiza" ndi "kutsimikizira". Maganizo anga ndi akuti tikakhala kuti tafufuza tokha tizinena kuti "tafufuza ndipo tapeza kuti n'zoona", koma tikauzidwa tizitchula amene watiuza, monga "apolisi avomereza kuti".

Apa ndiyenera kukumbutsa za mwezi watha, pamene tinalengeza maliro a bambo wina potengera uthenga wa pa WhatsApp, chonsecho bamboyo ali moyo. Amene anapita kukapepesa kubanjako ndine, ndipo misozi ya mkazi wake ndinaiona ndekha. Izi zisanachitike ndinali nditapempha katatu konse kuti pakhale ndalama ya mayunitsi yoimbira mfumu kapena chipatala nkhani isanapite pa mphepo, koma pempho langa silinayankhidwe mpaka lero. Nanga tidzafufuza bwanji opanda foni yoimbira?

Ndikupempha kuti pa nkhumano yathu ikubwerayi tikambirane za kamasuliridwe kamene ndatchulaka limodzi ndi za mayunitsi, ndipo msungichuma abwere ndi yankho.