Dandaulo pa chithunzi cha tenrec chimene munandisindikizira

Kwa a Manijala,

Ndikudandaula za chithunzi chachikulu chimene ndinabweretsa kuti musindikize ndi kuika m'felemu. Ndalama ndinalipiriratu zonse ndipo lisiti ndili nalo.

Chithunzicho ndinajambula ndekha ku Madagascar, m'nkhalango ya Andasibe. Kanyama kali pamenepoko ndi tenrec wa mizere, wakuda ndi mizere yachikasu, wamphuno yaitali yosongoka imene amafufuzira nyongolotsi m'dothi. Ndinagwada m'matope nthawi yaitali, udzudzu ukundidya, kudikira kuti katulutse mutu m'masamba.

Nditamasula katundu wanu kunyumba ndinangoti kakasi. Chikasu chonse chija chatuwa ngati phulusa. Mnyamata wanu wa pakompyuta akuti anachita kukonza, poganiza kuti kamera yanga inasokoneza mtundu. Ndani anamutuma? Anadulanso m'mbali kuti chikwane m'felemu, nsonga ya mphuno n'kupita nayo. Ndiye pansi pake anafufuta dzina limene ndinalemba, n'kuikapo loti hedgehog, kutanthauza kanungu.

Dzinali ndi limene landiwawa kwambiri. Tenrec si kanungu, ngakhale kuti onse ali ndi minga. Ku Madagascar kuli mitundu ya tenrec pafupifupi 30, ndipo akatswiri anapeza kuti pa chibale ali pafupi ndi njovu komanso mbira za m'mapiri kusiyana ndi kanungu. Wa mizereyu ali ndi timinga tina kumsana timene amatikhulanitsa n'kutulutsa phokoso polankhulana ndi anzake. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo chithunzichi ndimafuna kupachika m'kalasi kuti ana aone okha kuti kufanana maonekedwe si chibale. Nanga ndiwaphunzitsa bwanji pamene khoma likunena zina?

Ndaimba foni katatu. Ulendo uliwonse yankho ndi loti abwana atulukapo.

Pempho langa ndi loti musindikizenso kuchokera pa fayilo imene ndinasiya, osasintha mtundu, osadula paliponse, ndipo dzina likhale limene ndinalemba. Ngati felemu ikuchepa, pezani ina. Mundionetse kaye kakang'ono koyeserera musanasindikize chachikulu. Zikakanika pofika masabata awiri kuchokera lero, mundibwezere ndalama zanga zonse, ndipo chotuwachi ndidzabweretsa ndekha ku shopu kwanu.

Ine kasitomala wanu wodandaula,
Mphunzitsi wa sayansi