Loti sanalakwe pokonda chigwa chachonde

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa ulaliki umene ndakhala ndikuumva m'maminibasi a ku Limbe komanso m'mipingo ina muno mu Blantyre, wonena kuti Loti anachimwa chifukwa chosankha dziko lachonde. Ine ndikawerenga Genesis 13 sindipezamo zimenezo. Abusa a ziweto atakangana chifukwa cha kuchepa kwa malo pakati pa Beteli ndi Ai, Abramu, ngakhale anali wamkulu, analola mwana wa m'bale wakeyo kuti asankhe. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino akanati, "Yambani ndinu, bambo," koma woweta ng'ombe kukopeka ndi chigwa cha Yordano, chokhala ndi madzi ponseponse, n'zimene mlimi aliyense wa ku Chikwawa angazimvetse.

Chimene lembalo likutionetsa ndi mmene Loti anasenderera pang'onopang'ono osafunsa za anthu amene akukakhala nawo. Pa 13:12 wamanga hema pafupi ndi Sodomu. Pa 14:12 akukhala kale mumzindamo, ndipo mafumu anayi amugwira mpaka Abramu kukamulanditsa ndi amuna 318. Atapulumuka anabwereranso komweko, moti pa 19:1 tikumupeza atakhala pachipata cha mzinda. Sanali munthu woipa, pakuti 2 Petro 2:7-8 amamutcha wolungama amene mtima wake unkazunzika tsiku ndi tsiku, komabe sanasamuke. Mwini ziweto zosakwana malo uja anathera kuphanga. Alaliki athu amadumphanso Ezekieli 16:49, pamene mlandu wa Sodomu ukutchulidwa kuti ndi kunyada, kukhuta ndi kusathandiza osauka.

Mnansi wanga wina anasamutsira golosale yake pakati pa mabala ndi maresitihausi, kumene makasitomala sasowa mpaka pakati pa usiku, ndipo sipanapite nthawi anakhoma malata atsopano. Poyamba ankagona kwawo, kenaka anachita lendi chipinda kuseri kwa golosaleyo kuti asamawononge ndalama zoyendera. Nditamuchezera ndinapeza mwana wake wamkazi wa Sitandade 6 akulemba ntchito ya kusukulu atakhala pa kreti ya mowa, zidakwa zikumuitana kuti "mlamu". Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikumuweruza, pakuti fizi ndi ufa sizidikira munthu, koma nditamufunsa za mwanayo anangoti adzasamuka zinthu zikadzayenda bwino, ndipo pano padutsa zaka zitatu.

Pempho langa kwa abusa n'lakuti akamalalika za Loti asamaopseze anthu ofuna kutukuka, koma aziwerenga machaputala 13, 14 ndi 19 pamodzi.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre