Musanaitane wa chainsaw pakhomo panu

A Mkonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni nyumba amene ali ndi mitengo ikuluikulu pakhomo. Ife timagwira ntchito yosadza ndi kugwetsa mitengo m'makomo. Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ya mu Novembala ndi Disembala ikabwera ndi mphepo yake, anthu amathamangira aliyense amene wanyamula chainsaw, makina ochekera mitengo, paphewa. Kukhala ndi makina n'kosiyana ndi kudziwa ntchito ya mitengo, ndipo mwininyumba angathe kusiyanitsa anthu awiriwa makinawo asanalire n'komwe.

Mmisiri weniweni satchula mtengo wa ntchito pa foni. Amabwera, n'kuzungulira mtengowo, ndipo amayamba kuyang'ana pansi asanayang'ane kumwamba. Akufuna kuona ngati dothi latukumuka kapena kung'aluka mbali imodzi ya tsinde, chifukwa ndicho chizindikiro chakuti mizu yayamba kuzuka. Akufuna kuona ngati patsinde pamera bowa wouma uja wokhala ngati mbale, amene amasonyeza kuti mkati mwayamba kuola ngakhale masamba akadali obiriwira. Amagogoda thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa: mtengo wathanzi umamveka kuti gwa, wamphako umalira ngati ng'oma. Amayang'ananso mphanda. Nthambi ziwiri zikakula mothithikana, khungwa n'kupanikizika pakati pawo, mphanda yoteroyo ndi imene imang'ambika kukawomba mphepo. Kenaka amakufunsani mafunso: mapaipi a madzi adutsa pati, dzenje la sepitiki lili kuti, malire ndi anzanu oyandikana nawo ali pati, mumphakomo mudaonako njuchi? Munthu amene sanafunse chilichonse mwa izi, koma wayamba kale kuwerengera nkhuni zimene zitulukemo, mubwezeni mwaulemu.

Nthawi zambiri mtengo umene mwininyumba akuuopa sufunika kugwetsa. Chiswe chikamata dothi pakhungwa, kawirikawiri chimakhala chikudya khungwa lakufa chabe, ngakhale kuti pa bulugamu wamng'ono kapena mtengo wofooka kale chimapha ndithu. Mango amene nthambi zake zikukhula malata angofunika kusadza mbali imeneyo. Mmisiri wabwino amakuuzani zimenezi ngakhale akudziwa kuti kugwetsa kukanamupatsa ndalama zambiri.

Pakusadza ndi pamene mitengo yambiri ya m'matauni athu yaonongekera. Yendani ku Blantyre, Lilongwe kapena Zomba muone malaina, kesha ndi jakaranda zodulidwa mutu, zongotsala thunthu ndi timiyendo tiwiri titatu. Anthu amaganiza kuti akatero ndiye kuti achotsa ngozi, pamene aikonzera kutsogolo. Mtengo wodulidwa mutu umaphukira mphukira zambirimbiri pabalapo. Mphukirazo zimakula msanga, koma zimangogwira kunja kwa thunthu, pamtengo watsopano wa pansi pa khungwa, pamene pakati pa balalo pakulowa madzi n'kumaola. Pakapita zaka zingapo muli ndi nthambi zazitali, zolemera, zokhala pamalo owola, ndipo ndi zomwezo zimathyokera padenga. Muyezo umene amisiri amatsata ndi wakuti pa ulendo umodzi musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthambi zamasamba. Ngati mtengo wakula kwambiri moti gawo limeneli silikwanira, ntchitoyo igawidwe zaka ziwiri kapena zitatu, apo ayi ugwetsedwe n'kudzala wina woyenera malowo.

Nthambi yaikulu imadulidwa katatu, ndipo izi mungazione nokha muli chiimire pansi. Poyamba amacheka kunsi kwa nthambi, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pathunthu, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwake. Kachiwiri amacheka kuchokera pamwamba, patsogolo pang'ono pa pamene anacheka poyamba, mpaka nthambi itagwa. Kucheka kwa kunsi kuja ndiko kumaletsa nthambi kusenda khungwa la thunthu pamene ikugwa. Kachitatu amachotsa kachitsa kotsalako, koma osati mopalira thunthu. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pali kotupa kokhala ngati mkanda wozungulira. Macheka adutse kunja kwake, chifukwa mkandawo ndi umene umakula n'kutseka bala. Mukaudula, bala limakula ndipo silitsekeka msanga. Mukasiya chitsa chachitali, chimauma, n'kuola, kuolako n'kulowa m'thunthu. Za kupaka oyilo wakuda wa galimoto kapena penti pabala, zisiyeni. Sizichiritsa, zimangosunga chinyezi.

Nyengo nayo ili ndi gawo lake. Mango asadzidwe zipatso zikangotha, kuti mphukira zatsopano zikhwime nthawi ya maluwa isanafike. Mukasadza maluwa ali pafupi, chaka chimenecho mwadzimana nokha. Mitengo ya mthunzi yoopseza nyumba ikonzedwe m'chilimwe, m'mawa mphepo isanadzuke, osati kudikira kuti mitambo ichite kuda. Mmisiri amene wakana kukwera mtengo wonyowa kapena tsiku la mphepo sakuchita ulesi.

Tibwere ku kugwetsa. Funso loyamba ndi lakuti kodi malo alipo oti mtengo ugwe wathunthu? Kutalika kwake kumayezeka mosavuta. Gwirani ndodo yotalika ngati mkono wanu, muiimike mkono mutautambasula, ndipo mubwerere m'mbuyo mpaka ndodoyo ifanane ndi mtengo kuyambira patsinde kufika kunsonga. Pamene mwaimapo ndi pafupi ndi pamene nsonga idzafike. Anthu, ana, ziweto ndi galimoto zikhale kutali kuwirikiza kawiri mtunda umenewo. M'mapuloti ambiri a m'tauni malo otere palibe, choncho mtengo umatsitsidwa zidutswazidutswa kuyambira kumwamba, nthambi iliyonse yolemera itamangidwa chingwe n'kutsitsidwa pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi imafuna anthu osachepera atatu, wina kumwamba, ena pansi, ndipo imadya nthawi. N'chifukwa chake kugwetsa mtengo wa pafupi ndi nyumba kumafuna ndalama zambiri kuposa wofanana nawo wa pamtetete. Anthu ambiri sazindikira kulemera kwa mtengo wauwisi. Chipika cha bulugamu chotalika mita imodzi, chonenepa masentimita 40, chimapitirira makilogalamu 100, kuposa matumba awiri a chimanga. Chikagwa kuchokera pamwamba, malata, mpanda wa njerwa kapena chivundikiro cha sepitiki sizingapirire.

Ngati malo alipo, onani mmene akuchekera. Mbali imene mtengo ugwere amasema kakamwa kolowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kunenepa kwa thunthu. Kenaka amacheka kumbuyo, pamwamba pang'ono pa tsinde la kakamwako, koma safika nako. Amasiya kachigawo kosadula, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa thunthu, kamene kamagwira ngati mahinjesi a chitseko n'kuwongolera mtengo pamene ukugwa. Ngozi zambiri zimachokera pomwepa. Wocheka akadula kachigawo kameneka, mtengo umakhala wopanda chougwira ndipo umagwera kulikonse kumene kulemera kwake kapena mphepo yaukankhira. Mtengo wopendekeka kwambiri uli ndi vuto linanso: ukachekedwa kumbuyo mwachizolowezi, thunthu limatha kung'ambika chokwera m'mwamba, theka lake n'kumenya wochekayo. Ndipo anyamata atatu okoka chingwe cha katundu sangabweze bulugamu amene wapendekera kunyumba. Wocheka akhale atalambula kale njira yothawira, yopita chammbali chakumbuyo, osati kumbuyo kwenikweni kumene tsinde limadumphira.

Zida zimanenanso za mwini wake. Chisoti cholimba, magalasi, zotseka m'makutu, jombo, ndi lamba womangirira kumtengo wokhala ndi chingwe chokwerera. Chainsaw ikhale ndi buleki ya tcheni yogwira ntchito, chifukwa nsonga yakumtunda ya mpeni wake ikagunda chinthu, makina amadumphira kunkhope m'kuphethira kwa diso. Tcheni chakuthwa chimatulutsa timapalapala, chobuntha chimatulutsa fumbi ndipo chimakhotetsa macheka. Munthu woima pamakwerero, dzanja limodzi lagwira nthambi, lina lagwira makina, mutsitseni nthawi yomweyo ngakhale akwiye. Chimodzimodzi amene wabwera akununkha mowa.

Pa mawaya a magetsi sitinyengerera. Nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi, ndipo pa mawaya akuluakulu a mavoti 11,000 kapena 33,000 magetsi amatha kudumpha munthu asanakhudze n'komwe. Ngakhale waya wa mavoti 230 wolowa m'nyumba mwanu umapha. Ngati nthambi zili pafupi ndi mawaya, kapena mtengo ungawafike pogwa, pitani ku ofesi ya ESCOM mukanene, ndipo ntchito idikire mpaka iwo atabwera kapena atathimitsa. Wodula mitengo amene akuti "tizemba nawo" akuika moyo wake ndi wanu pachiswe.

Za chilolezo zifunsidwe tsiku la ntchito lisanafike. Mtengo umene uli kunja kwa mpanda, m'mbali mwa msewu, ukhoza kukhala kuti si wanu ngakhale munadzala ndinu, ndipo za umenewo, ngakhalenso mtengo waukulu wa m'puloti ya mumzinda, yambani mwafunsa ku khonsolo. Wokhala m'nyumba ya lendi afunse mwini nyumba. Mitengo yachilengedwe monga mbawa, mlombwa ndi muwanga, kafunseni ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu. Lamulo la zankhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo matabwa kapena nkhuni zonyamulidwa pa galimoto popanda chikalata zimagwidwa pa rodibuloko. Mtengo wa pamalire mukambirane ndi oyandikana nawo, ndipo ngati nthambi zigwere kwawo, adziwe tsiku ndi nthawi kuti achotse ana, zovala ndi nkhuku.

Tsopano nkhani ya malipiro, imene tikuona kuti ndiyo gwero la mavuto ambiri. Chizolowezi chofala n'chakuti wodula atenge nkhuni kapena matabwa m'malo mwa ndalama. Pogwetsa mtengo wathunthu zimenezi zikhoza kuyenda, bola mudziwe chimene mukupereka, chifukwa thunthu lowongoka la bulugamu, paini kapena malaina likhoza kukhala ndi matabwa a ndalama zoposa ntchitoyo. Koma posadza, musalole. Munthu amene malipiro ake ndi nkhuni amapindula akadula zambiri, ndipo inu mudzabwera kuchokera kuntchito n'kupeza mango anu atasanduka mzati. Posadza lipirani ndalama, nkhuni zikhale zanu, ndipo nthambi zoti zichoke muzilembe choko kapena kuzimanga kansalu muli limodzi.

Funsani amisiri awiri kapena atatu, ndipo wotchipa kwambiri mumufunse chimene wachisiya. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale papepala la m'kope, aliyense asaine: mitengo iti, kusadza kapena kugwetsa, zipika zidulidwe zotalika bwanji, zinyalala achotsa ndani, chitsa chitsala kapena ayi, petulo ndi oyilo agula ndani, ndipo denga, mpanda kapena paipi zikaonongeka alipira ndani. Ngati petulo mukugula ndinu, dziwani kuti makina ambiri a mtunduwu amasakaniza mamililita 100 a oyilo wa 2T pa malita 5 a petulo, ndipo oyilo wa tcheni ndi wina wapadera. Kampani ikanena kuti ili ndi inshulansi, pemphani kuona pepala lake ndi tsiku lothera. Ambiri odziyimira paokha alibe, ndiye funso lakuti munthu akagwa mumtengo zikhala bwanji liyankhidwe asanakwere. Musalipire zonse poyamba. Kachigawo ka mafuta n'kokwanira, zotsala ntchito ikatha ndipo mwayendera limodzi. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni.

Mizu ndi zitsa anthu amaziiwala mpaka makina atapita. Ngati vuto lanu ndi mizu imene ikutukula simenti, musalole kuti mizu ikuluikulu idulidwe pafupi ndi tsinde mtengo n'kusiyidwa chiimire. Mizu imeneyo ndiyo nangula wake, ndipo mukadula mbali ya kunyumba mtengo umatsala wopanda chougwira mbali imeneyo. Kudula kusayandikire tsinde kuposa kunenepa kwa thunthu kuchulukitsa kasanu, ndipo kukhale mbali imodzi yokha. Mkuyu ndi kachere zili ndi mizu yolondola madzi mpaka m'mapaipi a zonyansa, choncho zikakhala pafupi ndi sepitiki kudula mizu kumangogula nthawi.

Chitsa cha bulugamu, malaina kapena kesha sichifa chifukwa chakuti mtengo wagwa. Chimaphukira, ndipo mukachilekerera, zaka zochepa muli ndi mitengo isanu pamene panali umodzi. Pali njira ziwiri zosafuna mankhwala: kuchikumba n'kuchizula, ntchito imene ili ndi mtengo wakewake ndipo iyenera kutchulidwa m'pangano, kapena kuchidula chapansi, kuchisenda khungwa, n'kumathyola mphukira iliyonse ikangotuluka mpaka chitatopa. Kuchitentha pafupi ndi nyumba n'koopsa, chifukwa moto umatha kuyenda m'mizu youma pansi kwa masiku angapo. Chitsa chotsala pafupi ndi khoma chimaitananso chiswe. Amene akufuna kubwezeretsa mthunzi adzale m'nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma ayeze kaye mtunda wochokera kukhoma, kumawaya ndi kudzenje la sepitiki. Bulugamu ndi wa kumunda kapena kumalire akutali. Pafupi ndi nyumba dzalani zipatso zomezanitsa, zimene sizitalika kwambiri ndipo munthu angathe kuzisadza ndi macheka a pamanja ataima pansi.

Ndife,
Osadza ndi kugwetsa mitengo m'makomo,
Zomba