Mabuleki ayambe, injini ibwere pambuyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzathu amene akufuna kugula galimoto yotsika mtengo kuti aziithamangitsa pabwalo la mpikisano pa masiku amene bwalolo limatsegulidwa kwa madalaivala wamba. Ambiri amafulumira kuwonjezera mphamvu ya injini, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Posankha, ine ndimakonda galimoto yopepuka kuposa yamphamvu. Mazda MX-5 yoyamba, imene inatuluka mu 1989, imalemera pafupifupi makilogalamu 1,000, imayendetsedwa ndi matayala akumbuyo, ndipo imaphunzitsa munthu kukhota bwino. Koma musanalipire, gwadani pansi ndi tochi muyang'ane kunsi kwake, chifukwa dzimbiri likadya chitsulo chimene chimagwira matayala, chilichonse chimene mungamangepo chidzakhala chopanda maziko.

Ndalama zoyamba zipite ku mabuleki. Ndinaphunzira zimenezi tsiku limene ndinaponda buleki nditazungulira bwalo kasanu, phazi langa n'kumira mpaka pansi ngati ndaponda thonje, pokhota pali pafupi. Mafuta a mabuleki anali atawira. Mafutawa amayamwa chinyezi akakhalitsa, kotero akale amawira msanga, pamene atsopano a mtundu wotchedwa DOT 4 amapirira kutentha kwa madigiri a Celsius osachepera 230. Asintheni, muike mapadi a mabuleki opirira kutentha, kenako matayala anayi abwino ofanana, ndipo muziyeza mpweya wake akatentha, chifukwa umakwera.

Za injini, mafuta atsopano ndi madzi oziziritsa okwanira ndi zokwana m'chaka choyamba.

Wowerenga wanu wokonda magalimoto