Adzukulu athu sakuwadziwa a Jaji Anastasia Msosa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono. Sabata yatha ndinafunsa mdzukulu wanga, mtsikana wa Folomu 3 amene amati akufuna kudzakhala loya, kuti mayi woyamba kukhala Jaji Wamkulu m'dziko muno anali ndani. Anangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mayina a oimba ndi osewera mpira amawatchula ngati madzi, koma dzina la Anastasia Msosa anali asanalimvepo. Sindikumuda mwanayo ayi. Ife akuluakulu ndi amene sitinamuuze.

Mayi Msosa anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College nthawi imene atsikana m'kalasi imeneyo ankawerengeka ndi zala. Anagwira ntchito m'boma zaka zambiri ngati loya, ndipo mu 1992 anakhala mayi woyamba kuweruza milandu ku Bwalo Lalikulu. Pambuyo pake anakwera kupita ku Bwalo la Apilo, kumene chigamulo chikaperekedwa palibenso kwina kokadandaula, ndipo kumenekonso anali mayi woyamba.

Koma chimene ine ndimawakumbukira nacho ndi 1994. Amene tinalipo tikudziwa mmene mitima inalili m'mwamba. Tinali titangochoka ku riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene nyali ya ofuna zipani zambiri inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo dziko linafunika kuchititsa chisankho cha zipani zambiri chimene ambiri a ife tinali tisanachionepo. Udindo wotsogolera bungwe loyendetsa chisankho unagwera mayi ameneyu, atangokhala jaji zaka zosakwana ziwiri. Pa 17 May ndinaima pamzere kuyambira m'bandakucha, ndili ndi mantha kuti mwina mavoti athu akathera kudzala. Sizinatero. A Bakili Muluzi anapambana, a Kamuzu Banda anavomereza pa wailesi kuti agonja, ndipo ulamuliro wa zaka 30 unatha popanda nkhondo. Timatamanda andale pa zimenezi, mwina n'koyenera, koma amene anagwira chiwongolero cha kawerengedwe ka mavoti sitimutchula.

Tsono taonani chimene chinachitika patapita zaka 15. Mu 2009 Mayi Msosa anali atabwereranso pa mpando womwewo, ndipo a Muluzi, omwe aja anawalengeza kuti apambana mu 1994, anapereka zikalata zoti aimenso. Mfundo yawo inali yakuti gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa pulezidenti kulamulira kupitirira matemu awiri otsatizana, ndiye poti iwo anali atapumako zaka zisanu, khomo linali lotseguka. Bungwe la chisankho linakana. Nkhani inapita kukhoti, ndipo kutatsala masiku atatu kuti tivote pa 19 May, majaji anagwirizana ndi bungwelo. A Muluzi anakathera kothandiza a John Tembo. Ndikukumbukira anzanga ena a chikasu akutukwana m'minibasi kuti mayiyu wagulidwa. Ine ndinali wa chikasu womwe, ndipo zinandiwawa, koma lero ndikayang'ana maiko ena mu Africa muno momwe atsogoleri akhala pampando mpaka imvi zili mbuu, ndimaona kuti kukana kuja kunatipulumutsa.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino nthawi yawo. Tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo ngakhale vuto lalikulu linali kwa andale, ambiri tinkafuna bungwe la chisankho litalankhula mokweza. Mbiri yoona iyenera kunena zimenezonso.

Mu 2013 a Joyce Banda anawasankha kukhala Jaji Wamkulu m'malo mwa a Lovemore Munlo. Chaka chotsatira a Banda anagonja pa chisankho chimene chinadzaza ndi mikangano, ndipo Mayi Msosa analumbiritsa a Peter Mutharika, mdani wandale wa amene anawapatsa udindowo. Anapuma mu 2015, a Andrew Nyirenda n'kutenga mpando.

Pempho langa likupita ku Unduna wa Zamaphunziro ndi kwa inu atolankhani. M'mabuku a ana athu muli a John Chilembwe ndi a Rose Chibambo, ndipo mpake. Kodi ndime imodzi yokha ya Mayi Msosa ingalemetse bukhu? Nanga inu a Mkonzi, simungatume mtolankhani wanu kukafunsa amene anagwira nawo ntchito mu 1994, n'kutilembera m'Chichewa mmene zinayendera usiku wowerenga mavoti uja? Mdzukulu wanga ndamulonjeza kuti mukalemba ndidzamusungira tsambalo.

Mphunzitsi wopuma,
Balaka