Ulendo wa ku Valletta usakhale wa mu Ogasiti

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya magulu a m'mipingo muno mu Harare amene akusonkha ndalama zoti akaone chilumba cha Malta, kumene chombo chonyamula mtumwi Paulo chinasweka. Cholingacho n'chabwino, koma chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akusankha mwezi wa Ogasiti, ati poti ana amakhala ali pa tchuthi. Kuno timakhala tikungotsazikana ndi chisanu, pamene kumeneko dzuwa limakhala lafika pachimake.

Valletta, likulu la dzikolo, ndi mzinda wamiyala umene Jean de Valette, wolamulira chilumbacho pa nthawiyo, anayamba kumanga mu 1566, chaka chimodzi asilikali a Ottoman atalephera kulanda chilumbacho. Misewu yake ndi yowongoka koma yokwera ndi yotsetsereka, ina ndi masitepe okhaokha, ndipo mitengo yopereka mthunzi ndi yochepa kwambiri. Mu Julaye ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 30, mvula siigwa, ndipo mpweya wachinyontho wochokera kunyanja umachititsa kuti munthu azingotuluka thukuta ngakhale usiku. Kutentha kwa Okotobala kwathu kuno n'kouma, choncho wina asadzinamize kuti anakuzolowera. Gogo wa mawondo ovuta amene wachokera ku Mufakose kapena ku Mabvuku sangakwere masitepe amenewo masana.

Vuto lina ndi khamu la anthu. Zombo zikuluzikulu za alendo zikakocheza pa Grand Harbour, anthu miyandamiyanda amakhamukira mumzinda nthawi imodzi, ndipo ambiri amathamangira ku Upper Barrakka Gardens kukaonerera mzinga umene amawomba dzuwa lili paliwombo. Ku St John's Co-Cathedral, kumene kuli chithunzi chimene katswiri wojambula Caravaggio anajambula mu 1608, choonetsa kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi, munthu amayamba waima pamzere padzuwa, ndipo akalowa amavutika kupeza pokhazikika kuti apemphere. Pa 15 Ogasiti eni dziko nawonso amakhala pa chikondwerero cha Santa Marija, chimene amakumbukiranso zombo zomwe zinawapulumutsa ku njala mu 1942, moti boti lopita ku Gozo, chilumba china cha dzikolo, limadzaza kwambiri.

Ndalama nazo ziganiziridwe. Malta amagwiritsa ntchito euro kuchokera mu 2008, ndipo nyengo imeneyi ndi imene malo ogona amakwera mtengo kuposa nthawi ina iliyonse. Pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi imafunanso viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Si nzeru kuti madola amene amayi asonkha pogulitsa tomato ku Mbare Musika akathere pa chipinda chogona.

Pempho langa kwa atsogoleri a maguluwa ndi lakuti aganizire tchuthi cha Epulo, ngati ana ayenera kupita nawo, kapena mwezi wa Okotobala. Amene cholinga chawo ndi kupemphera basi angasankhe 10 Febuluwale, tsiku limene Malta amakumbukira kusweka kwa chombocho ndipo chifanizo cha Paulo chimayendetsedwa m'misewu ya Valletta. Pajatu buku la Machitidwe limanena kuti anthu 276 amene anali m'chombocho anafika kumtunda kukugwa mvula ndiponso kukuzizira, mpaka eni chilumba anawasonkhera moto, ndipo Paulo anakhala kumeneko miyezi itatu kudikira kuti nyengo yachisanu ithe.

Ndine wowerenga wanu,
Highfield, Harare